Dzanja Lothyoka ndi Kalata Yake: Kuwerenga Afterlives ya Abdulrazak Gurnah

M'buku la Abdulrazak Gurnah lotchedwa Afterlives muli kalata yaifupi kwambiri, yosakwana ngakhale mizere iwiri, imene inalembedwa m'Chiswahili ndi mtsikana wamng'ono dzina lake Afiya. Mlongo wake Ilyas anamupeza akuleredwa mwaukapolo ndi anthu ena kumudzi, anamutengera m'tauni, namuphunzitsa kuwerenga ndi kulemba. Patangotha chaka anamubwezanso kwa anthu omwe aja, iye n'kupita kukalowa usilikali wa Ajeremani. Bambo wa pakhomopo atazindikira kuti mwana wamasiyeyu wabwera ndi luso la kulemba, anamukwapula ndi ndodo mpaka kumuthyola dzanja, poganiza kuti mtsikana wodziwa cholembera mapeto ake ndi kulemberana ndi amuna. Afiya analemba timawu topempha chithandizo, kapepalako kanayenda m'manja mwa anthu mpaka kukafika kwa Khalifa, bwenzi la Ilyas, ndipo Khalifa anabwera kudzamutenga. Luso limene linamuthyoletsa dzanja ndi lomwelo limene linamutulutsa m'nyumba ija.

Buku lonse laima pa kalata imeneyi. Munthu akapulumuka pangozi imene yatenga anzake, kapena akamwalira pamene aliyense amayembekeza kuti achira, timagwedeza mutu n'kunena kuti zinalembedwa. Kwa Msilamu mawuwa si mwambi wamba: kukhulupirira chikonzero cha Allah, chokoma ndi chowawa chomwe, ndi imodzi mwa nsanamira zisanu ndi imodzi za imani. Koma mawu omwewo akagwa m'manja mwa wolemba nthano za nkhondo amasanduka nsalu yophimbira zinthu. Chipolopolo chimaphonya mpangankhani wamkulu chifukwa tsiku lake linali lisanakwane. Okondana amakumananso padoko zitatha zaka makumi awiri chifukwa anayenera kukumana. Owerenga amatseka buku mtima uli m'malo, osafunsa kuti mfutiyo anaiwomba ndani, mudziwo anautentha ndani, lamulolo linachokera kwa yani. Gurnah sayenda njira imeneyo. M'buku lake zolembedwa n'zochuluka, koma ndi zolembedwa ndi anthu, ndi inki, papepala: makalata, mabuku a ngongole, kaundula wa asilikali, ndakatulo, zikalata za boma. Chimene chili m'manja mwa Mulungu amachisiyira Mwiniwake osayerekeza kuchimasulira. Chimene chinachitika ndi dzanja la munthu amachiika pa munthuyo, monga momwe mashehe athu amaphunzitsira kuti chikonzero sichimuchotsera wochimwa mlandu wake.

Gurnah anabadwira ku Zanzibar mu 1948. Anachoka kwawo ali mnyamata, patapita zaka zochepa chichitikireni chipwirikiti cha 1964, nakakhazikika ku Britain kumene anaphunzitsa nthawi yaitali pa yunivesite ya Kent. Afterlives linatuluka mu 2020, ndipo chaka chotsatira mlembiyu analandira mphoto ya Nobel. Dzina la bukuli m'Chingerezi limakumbutsa moyo wa pambuyo pa imfa, koma sakunena za Akhera. Akunena za miyoyo imene anthu amakhala nkhondo itawadutsa: ya amene anabwerako, ya amene anatsala akudikira, ndi ya amene anasowa osamvekanso. Nkhaniyi ikuchitikira m'dziko limene Ajeremani ankalilamulira kum'mawa kwa Africa, gawo lalikulu lake lero ndi Tanzania, kuyambira m'masiku a nkhondo ya Maji Maji ya 1905 mpaka 1907, kudutsa m'nkhondo yaikulu ya 1914 mpaka 1918, kufikira dzikolo litalandira ufulu.

Ampangankhani atatu m'bukuli analandira mphatso imodzi, ya zilembo, ndipo aliyense inamutengera kwake. Za Afiya tanena kale. Ilyas anathawa kwawo ali mwana, msilikali wina anamuba, Mjeremani wina namuwombola, ndipo anakulira pa munda wa khofi wa Mjeremani amene anamutumiza ku sukulu ya mishoni. Anabwerera kugombe akulankhula Chijeremani chosalala, akuvala bwino, ali ndi kalata yomupezera ntchito pa esiteti ya khonje. Mumzikiti ankangotsanzira anzake chifukwa swala sankaidziwa. Anthu a m'tauni akamakamba za nkhanza za Ajeremani, za anthu opachikidwa ndi midzi yotenthedwa, iye ankawaikira kumbuyo: anali ataona chifundo cha Mjeremani mmodzi, ndipo chifundo cha mmodziyo chinamutseka maso ku zochita za onse. Nkhondo itayandikira palibe anamukakamiza. Anadzipereka yekha, n'kusiya mlongo wake m'manja mwa anthu amene ankadziwa kuti si abwino. Gurnah samudzudzula, komanso samupatsa pothawira. Sitinganene kuti tsoka linam'gwera Ilyas ngati mphezi. Tikumuona akuyenda ndi miyendo yake kupita kumene kunali mphezi.

Hamza, amene ndi mtima wa bukuli, analowa usilikali pa chifukwa china. Bambo ake anamupereka ali mwana kwa wamalonda wina ngati chikole cha ngongole, ndipo usilikali unali khomo lokhalo limene analiona lotseguka. Amene anawerenga Paradise, buku la Gurnah la 1994, amukumbukira Yusuf, mnyamata wa chikole amene pa tsamba lomaliza akuthamangira gulu la asilikali a Ajeremani; Hamza ali ngati Yusuf yemweyo tsiku lotsatira, ataona chimene anathamangira. Mkulu wa asilikali, Mjeremani, anamusankha kukhala womutumikira ndipo anayamba kumuphunzitsa Chijeremani, akunena kuti tsiku lina adzatha kuwerenga ndakatulo za Schiller. Mitu imeneyi ndi imene Gurnah waiumba mosamala koposa. Mkuluyu ndi munthu wophunzira, wosungulumwa, wokonda mabuku, ndipo m'kamwa momwemo momwe mukutuluka ndakatulo mukutulukanso mawu onyoza anthu akuda ndi oikira kumbuyo kuwalamulira mwa mantha. Amamukonda Hamza mwa njira imene iye mwini akuiopa, amamunyoza, amamuteteza, amamuonetsa kwa anzake ngati nyani wophunzitsidwa. Asilikali anzake a Hamza ankamunenera zonyansa. Owerenga sapatsidwa mpata wakuti amuyese mkuluyu mngelo kapena chilombo, ndipo kusakhazikika kumeneku n'kumene kumapangitsa mituyi kukhala yoona.

Chijeremani chomwecho chinamukolezera Hamza chidani cha Mjeremani wina, wa udindo wotsikirapo, dzina lake Walther, amene sankapirira kuona munthu wakuda akuyankhula chinenero chake. Kumapeto kwa nkhondo, gulu litatopa ndi njala ndi maulendo osatha, onyamula katundu atathawa ndipo asilikali nawo atayamba kuzemba usiku, Walther anamuloza chala Hamza n'kumutema ndi lupanga m'chiuno. Mkulu uja anamunyamulitsa kupita naye ku mishoni ya ku Kilemba, kumene m'busa wa Chijeremani ndi mthandizi wake Pascal anamusamalira mpaka anayambanso kuyenda, ndipo anamusiyira kabuku kakale ka ndakatulo. Taonani mmene zayendera. Hamza sanapulumuke chifukwa cha kulimba mtima kapena nzeru. Pa nthawi yonse ya kupulumuka kwake anali chigonere, osadziwa kanthu. Anamuvulaza Mjeremani, anamupulumutsa Mjeremani, ndipo amene anamutsuka bala usana ndi usiku anali Mkhristu wakuda amene ankalakalaka kumutembenuza koma sanamuumirize.

Gawo lachiwiri la bukuli ena amaliona ngati lozizira, chifukwa mfuti zatonthola. Ine ndimaliona kuti ndi lolimba mtima kuposa loyamba. Hamza akubwerera ku tauni ya m'gombe kumene anakulira, akutsimphina, alibe ndalama, alibe wachibale, ndipo ngakhale nyumba ya wamalonda uja sakuipezanso. Olemba ambiri pano akadamupatsa chuma chobisika kapena bambo wotayika. Gurnah akumupatsa ntchito ya ulonda pa nyumba yosungiramo katundu ya Nassor Biashara, kenako kachipinda kopanda kanthu m'nyumba ya Khalifa, kenako malo pa benchi la Mzee Sulemani, mmisiri wokalamba wa matabwa. Mwayi wachiwiri, monga bukuli likuuonetsera, sufika ngati chozizwitsa. Umafika pang'onopang'ono ngati mphasa yogonapo, mbale ya chakudya, munthu wokuonetsa kagwiridwe ka chipangizo chopalira thabwa, ndi anthu ololera kuti usawafotokozere kumene wachokera. Masamba ambiri akungotsatira munthu akudzuka, akusamba, akupita kumzikiti, akugwira ntchito, akulota zoopsa usiku, m'mawa n'kudzukanso. Aliyense amene anakhalapo pakhomo ndi munthu wobwera kuchokera ku zoopsa akudziwa kuti kuchira kumaoneka chonchi, ndipo sikufulumira.

Pakati pa zonsezi pali Khalifa, amene ndikuganiza kuti ndi mpangankhani wopambana amene Gurnah wamuumba m'bukuli. Ndi kalaliki wamba, mwana wa bambo wa ku Gujarat ndi mayi wa mu Africa, wokonda miseche ya pakhonde, wolongolola, waulesi pa mapemphero, wosachita bwino pa chuma. Sanagwirepo mfuti. Koma ndi iye amene anakatenga Afiya, ndi iye amene anatsegulira Hamza chitseko, uku akunyinyirika ngati kuti wina wamukakamiza. Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Khalifa akadamva mwambiwu akadauseka, n'kuuchita. Pamene sindikhutira ndi pa mkazi wake, Bi Asha. Mayiyu ali ndi chifukwa chenicheni chowawidwira mtima: nyumba ya makolo ake inalowa m'manja mwa wachibale wamalonda chifukwa cha ngongole, anakwatiwa mwa makonzedwe a wachibale yemweyo, ndipo sanaone mwana. Komabe mlembi watipatsa kwambiri ukali wake ndi kuuma kwa kupembedza kwake, osatilowetsa mokwanira mumtima mwake. Iye yekha m'nyumba imeneyi ndi amene sanapatsidwe mwayi wachiwiri, ndipo bukuli likuoneka ngati silikuzindikira kukula kwa chinthu chimenechi.

Chikhulupiriro cha Hamza Gurnah wachigwira ndi dzanja lopepuka. Hamza salalikira ndipo safunsa kuti n'chifukwa chiyani iye anatsala pamene anzake anagwa. Amapita kumzikiti chifukwa ndi malo okhawo kumene mlendo angaime phewa ndi phewa ndi eni mudzi popanda womufunsa dzina la bambo ake. Chijeremani chake, chimene anachiphunzira mwa manyazi ndi mantha, chikubweranso pa ntchito imene mphunzitsi wake sakadailota: akumasulira m'Chiswahili kachigawo ka ndakatulo ya Schiller n'kumupatsira Afiya mobisa. Munthu wolumala m'chiuno akulembera munthu wolumala dzanja, ndipo onse awiri anapunduka chifukwa cha zilembo zomwezo zimene tsopano zikuwalumikiza. Makolo adziwe kuti bukuli ndi la akuluakulu: chikondi cha awiriwa chikudumpha malire nikah isanamangidwe, mlembi sakubisa zimenezi, ndipo Khalifa yemwe uja, wa mapemphero a apo ndi apo, ndi amene akuwakankhira ku ukwati.

Ife a m'mbali mwa nyanja ino sitingawerenge bukuli ngati nkhani ya kutali, chifukwa nkhondo imeneyi inadutsa pakhomo pathu. Pa 13 Ogasiti 1914 sitima ya Angelezi ya Gwendolen inawombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ku Sphinxhaven, kumene lero ndi Liuli, kutsidya kwa nyanja yathu yomweyi, ndipo mfuti ya Gwendolen ikuonekabe ku Mangochi pafupi ndi chipilala cha wotchi. Mwezi wotsatira kunamenyedwa nkhondo ku Karonga. John Chilembwe analemba kalata yodandaula kuti anthu akuda akufera nkhondo imene si yawo miyezi yochepa asanaukire mu Januwale 1915. Asilikali a King's African Rifles ochokera ku Nyasaland, ambiri mwa iwo Ayawo, ndi amene ankasakana ndi anzake a Hamza m'nkhalango, ndipo gulu la Paul von Lettow-Vorbeck litawoloka Rovuma mu Novembala 1917 nkhondo inalowa m'dziko la achibale athu ku Mozambique, mpaka kukathera ku Abercorn, lero Mbala ku Zambia, pa 25 Novembala 1918, patatha masabata awiri ku Ulaya atasiya kale kumenyana. Makolo anaitcha nkhondo ya chiwaya, potengera mfuti yolira mosalekeza ija. Ngakhale beni amene timavina pa zisangalalo, ndi mayunifolomu ndi maudindo ake a chisilikali, anafalikira kuno m'njira zomwezo zimene asilikali ankayenda.

Koma amuna ambiri a kwathu sanapite ndi mfuti. Anapita ndi katundu pamutu. Amtengatenga ochokera ku Nyasaland anali pafupifupi 200,000, ndipo ochuluka amene sanabwerere anaphedwa ndi njala, kamwazi, malungo ndi kutopa, osati chipolopolo. Apa ndi pamene ndili ndi dandaulo langa lalikulu pa Afterlives. Gurnah akuwadziwa anthu amenewa. Mfotokozankhani wake amaima kawirikawiri n'kutiuza, ndi mawu ouma ngati a kalaliki, za onyamula katundu amene ankagwa m'njira ndi za midzi imene inalandidwa chakudya, ndipo akuonetsa bwino mmene asilikali akuda ankawanyozera, mpaka kuona ngati chipongwe chachikulu kuuzidwa kuti asenze okha mitolo. Komabe palibe mtengatenga mmodzi amene wapatsidwa nkhope ndi mbiri yoti tiitsatire mpaka kwawo. Onse amene bukuli likuwatsatira ndi odziwa kulemba, kapena okhala pafupi ndi odziwa kulemba. Mwina mlembi angayankhe kuti imeneyi ndiyo mfundo yake: amene sanalembedwe m'kaundula sasiya mapazi oti wolemba nthano awalondole. Yankholi lili ndi mphamvu, koma silindikwanira, chifukwa ntchito ya nthano ya mbiri yakale ndi kulowa kumene zikalata zinalephera kufika. Hamza nayenso sali m'kaundula aliyense, koma Gurnah anatha kumuumba.

Amene sakufuna kudziwiratu mathero alumphe ndime zotsalazi. Ilyas wamkulu akusowa m'bukuli kwa masamba ochuluka kwambiri, ndipo kusowa kwake kukulemera pa nyumba yonse. Afiya ndi Hamza akutcha mwana wawo dzina la amalume akewo, ndipo mwanayo akukula akumva mawu omunong'oneza, mpaka pakhomo pakuitanidwa mayi wotulutsa mizimu. Mlembi sakutiuza ngati ndi majini, matenda, kapena chisoni cha mayi chimene chalowa mwa mwana. Mu 1963 Ilyas wamng'onoyu akupeza mwayi wokaphunzira za wailesi ku West Germany, ndipo kumeneko, m'nkhokwe za zikalata zakale, akupeza amalume ake. Anavulala pa nkhondo ya ku Mahiwa mu 1917, anagwidwa, kenako anagwira ntchito pa sitima za pamadzi mpaka kukafika ku Germany. Anasintha dzina kukhala Elias Essen, anakwatira Mjeremani, ankaimba m'malo achisangalalo, ndipo ankaguba ndi gulu lofuna kuti Germany abwezeredwe maiko ake a mu Africa, pansi pa mbendera za chipani cha Nazi. Boma lomwelo linamumanga chifukwa chokhala pa ubwenzi ndi mzungu wamkazi, ndipo anafera m'ndende yozunzirako anthu ya Sachsenhausen. Mwana wake wamwamuna anamutsatira m'ndendemo mwa kufuna kwake, nafera komweko. Kalata ya Afiya inayankhidwa m'masiku ochepa. Funso lake lokhudza mlongo wake linadikira zaka pafupifupi makumi asanu.

Zonsezi zapanikizidwa m'masamba ochepa omaliza, ndipo owerenga ambiri amadandaula kuti mlembi anathamanga. Dandauloli ndi loona pa Ilyas wamng'ono, amene sakukhala munthu wathunthu: wangotumidwa kukatenga uthenga n'kubwera nawo. Koma pa Ilyas wamkulu ndikuganiza kuti Gurnah anachita mwadala ndipo analondola. Hamza timamudziwa m'kati, mpaka maloto ake, chifukwa anabwerera kwa anthu amene akanatha kumumvetsera. Ilyas anapereka moyo wake kwa anthu amene ankamuona ngati nambala, ndipo chimene chatsala cha iye ndi chimene iwo analemba: tsiku lovulala, pempho lokanidwa, mlandu, malo a imfa. Kuuma kwa masamba amenewa ndi kuuma kwa zikalatazo. Sitikuuzidwa ngati anamukumbukirapo mlongo wake, ngakhale kamodzi.

Wina angaganize kuti mathero otere ndi okokomeza, kuti msilikali wakuda woguba ndi a Nazi n'kukafera m'ndende yawo ndi maloto a wolemba. Koma kunali munthu weniweni amene njira yake ikufanana kwambiri ndi ya Ilyas. Bayume Mohamed Husen anabadwira ku Dar es Salaam mu 1904, ndipo ali mwana anatumikira m'gulu la nkhondo la Ajeremani pamodzi ndi bambo ake. Anafika ku Germany mu 1929, anapempha malipiro ndi mendulo ya usilikali wake koma anamukaniza, anakwatira Mjeremani, anaphunzitsa Chiswahili pa yunivesite ku Berlin, ndipo anasewera m'mafilimu otamanda utsamunda, kuphatikizapo ya 1941 yonena za Carl Peters, munthu amene anayambitsa ulamuliro wa Ajeremani m'dziko lakwawo. Chaka chomwecho anamangidwa pa mlandu wa malamulo osankhana mitundu, ndipo anamwalira ku Sachsenhausen mu Novembala 1944. Mu 2007 anthu anakhomera kachitsulo kamkuwa kolembedwa dzina lake m'njira ya oyenda pansi, kutsogolo kwa kumene ankakhala, mu msewu wa Brunnenstraße ku Berlin.